Mpikisano wa mapu ndi kampasi kuno ku Chigwa: tikonzekere bwanji?

Oyang'anira Gulu: Moni nonse. Achinyamata amene alowa kumene pagulu pano akufunsa za mpikisano woyenda pansi m'magulu ndi mapu ndi kampasi, uja akunja amautcha rogaining. Akufuna kudziwa momwe munthu wa kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje angakonzekerere, komanso kayendedwe ka tsiku la mpikisanolo. Aphunzitsi, tiyambireni ndi malamulo.

Aphunzitsi a Jogalafe: Zikomo. Masewerawa anayambira ku Victoria, m'dziko la Australia, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi unachitikira komweko mu 1992. Gulu limakhala la anthu 2 mpaka 5. Mpikisano waukulu ndi wa maola 24, koma iliponso ya maola 6, 8 ndi 12. Okonza amaika mbendera zoyera ndi zaolenji m'tchire, m'makwawa ndi m'mapiri, iliyonse ndi mapointi ake. Yosavuta kupeza imakhala ndi ochepa, yakutali kapena yobisika imakhala ndi ambiri. Mapu amakupatsani kutatsala maola awiri kapena atatu, ndipo mumasankha nokha mbendera zoti mufikeko ndi yoti muyambire. GPS ndi foni yolozera njira n'zoletsedwa. Gulu silisiyana: aliyense akhale poti mnzake akaitana amve, ndipo pa mbendera mufike nonse. Mukachedwa kubwerera amakudulani mapointi pa mphindi iliyonse, kawirikawiri 10, ndipo mukapitirira mphindi 30 zonse munatola zija amafafaniza.

Wothamanga wa ku Bangula: Pa zolimbitsa thupi, dzipatseni masabata 12. Mlungu uliwonse muzikhala ndi ulendo umodzi wautali: yambani ndi maola 2, muziwonjezera theka la ola kapena ola limodzi mpaka mufike maola 8. Masiku ena atatu muzithamanga pang'onopang'ono mphindi 40 mpaka 60. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani ndi theka kuti minofu ichire. Chikwama chimene mudzanyamule pa mpikisano muzibereka kuyambira sabata yoyamba, muli makilogalamu 4 kapena 5, chifukwa mapewa ndi msana nazonso zimafuna kuzolowera. Kukatsala masabata awiri lekani maulendo ataliatali.

Watsopano: Achimwene, ndiye kuti wothamanga kwambiri ndi amene amapambana?

Wothamanga wa ku Bangula: Magulu apamwamba pa dziko lonse amapitirira makilomita 100 m'maola 24, ndiye miyendo ikufunika ndithu. Koma ambiri mwa maola amenewo akuyenda ndawala, sakuthamanga. Amathamanga potsetsereka ndi pamsewu pokha.

Mkulu wa Masikauti: Ndiwonjezere apa, chifukwa kuno nkhani ya liwiro imabwera pambuyo. Chigwa chathu chili pansi kwambiri, Nsanje ili pafupifupi pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. M'miyezi imeneyo mpikisano wa maola 24 usachitike, ndipo ndikunena motsindika. Nyengo yake ndi Juni, Julayi, mwina kumayambiriro kwa Ogasiti, madzi ataphwa, makande atauma. Ngakhale mu Juni momwemo, kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko dzuwa limaswa mtengo. Gulu lanzeru limakonza njira yake poyang'ana zinthu ziwiri: masana tikhala pati, ndipo madzi tikamwa kuti. Mbendera zimabwera pambuyo pa mafunso amenewo.

Anamwino: Ndikugwirizana nanu, bambo. Thupi limazolowera kutentha m'masiku 10 mpaka 14 ngati munthu akuyenda padzuwa ola limodzi tsiku lililonse, ndipo mnzanu wochokera ku Blantyre kapena ku Thyolo asaganize kuti mphamvu zake za kumtunda zikwanira kuno. Atsike msanga. Kuti mudziwe madzi amene thupi lanu limataya, dziyezeni pa sikelo mutavula zovala musananyamuke, yendani ola limodzi osamwa kanthu, mudziyezenso mutavula zovala zonyowa ndi thukuta. Kilogalamu imodzi yotayika ndi lita imodzi ya thukuta. Anthu ambiri amafunika theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola. Koma musamwe madzi okhaokha mopitirira muyeso. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo munthu akamangothira madzi osabwezera mchere, mchere wa m'magazi umatsika: mutu umapweteka, amasanza, zala zimatupa, amasokonezeka. Anzake amaganiza kuti ndi ludzu n'kumuwonjezera madzi, pomwe akumupweteka. Botolo limodzi mwa atatu alionse likhale la Thanzi ORS. Ngati mulibe, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Wa ku Ngabu: Pa madzi pomwepo, musawerengere mjigo uliwonse umene mwauona. Kuno mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, ina inafa kalekale. Okonza mpikisano ayendere mjigo uliwonse, alawe, alembe pa mapu yokhayo yabwino. Pamene palibe aikepo zigubu. Oyenda anyamule malita osachepera 3 aliyense pochoka pa malo amadzi, ndi WaterGuard wothira m'madzi a pachitsime. Mukathira dikirani mphindi 30.

Watsopano: Nanga mumtsinje wa Shire sitingatunge? Madzi ndi ambirimbiri.

Wa ku Ngabu: Ayi mchimwene, m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh kuli ng'ona ndi mvuu. Mvuu zimatuluka usiku kukadya m'madimba, nthawi yomweyo imene inu mukuyenda ndi tochi, ndipo kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi n'koopsa zedi. Mbendera isaikidwe m'mabango. Madzi odikha a m'madambo ndi m'ngalande alinso ndi likodzo, musamavuukemo kapena kusambamo.

Asaveya: Ndilankhulepo za mapu, chifukwa apa ndi pamene magulu amatayira maola. Mapu a boma a 1:50,000 ochokera ku Dipatimenti ya Saveya ndi amene ambiri angapeze. Pa mapu amenewa masentimita 2 ndi kilomita imodzi, milimita imodzi ndi mamita 50, ndipo kabokosi kalikonse ndi kilomita imodzi mbali zonse. Vuto lake ndi lakuti anajambulidwa kale, pomwe chigwa chino chimasintha chaka ndi chaka. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasuntha mitsinje ndi midzi. Ruo anasintha njira cha ku Makhanga. Mwanza ndi Thangadzi amakokolola magombe n'kusiya mchenga pomwe mapu akuonetsa munda. Ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira simungaipeze pa mapu akale. Ndiye dziwani zokhulupirira ndi zokayikira. Khulupirirani mapiri, zitunda, zigwembe za m'mphepete mwa phiri, msewu wa M1 ndi mzere wa njanji. Kayikirani tinjira ta m'midzi, malire a minda, nyumba, ndi mapindikidwe a mitsinje ya pachidikha.

Asaveya: Chinanso kwa okonza: mapu akalewa anagwiritsa ntchito muyeso wa manambala a malo wotchedwa Arc 1950, pomwe GPS imabwera ili pa muyeso wina, wa WGS 84. Mukaika mbendera ndi GPS osasintha muyesowo, n'kulemba manambala ake pa mapu akale, mbendera ipezeka yaphonya ndi mamita oposa 100. Gulu lidzafika pamalo oyenera n'kusapeza kanthu. Muonenso m'mphepete mwa mapu ngati mizere ya kukwera kwa malo ili m'mafiti kapena m'mamita.

Aphunzitsi a Jogalafe: Bambo asaveya, fotokozaninso za kupatuka kwa singano ya kampasi. Ana ambiri amalakwitsa pamenepo.

Asaveya: Singano siloza kumpoto kwa pa mapu ndendende. Kuno kwathu imapatukira kumadzulo, ndipo kuchuluka kwake kumasintha pang'onopang'ono ndi zaka, ndiye nambala yolembedwa pa mapu akale muikonze ndi ya chaka chino. Lamulo lake: mukatenga madigiri pa mapu kuti muyende nawo, wonjezerani kupatukako. Mukatenga madigiri pa chinthu chimene mukuchiona kuti muwaike pa mapu, chotserani. Tiyerekeze kuti kupatukako ndi 7. Pa mapu mwapeza 120, pa kampasi ikani 127. Digiri imodzi yolakwika imakutayani mamita 17 pa kilomita iliyonse. Mukaiwala 7 yonseyo, pa makilomita 2 mwaphonya ndi mamita pafupifupi 240, ndipo m'nkhalango ya tsanya usiku mbendera simungaione patali choncho. Njira yabwino ndi yakuti okonza ajambuliretu mizere ya kumpoto kwa singano pa mapu onse, masamu atheretu.

Pogula kampasi funsani ngati inapangidwira kumwera kwa dziko lapansi. Ya ku Europe singano yake imapendekeka kuno, nsonga imodzi n'kumakhula pansi pa kabokosi, ndipo imaima isanafike pomwe imayenera. Poyeza, italikitseni ndi chikwanje, foni, tochi, waya wa mpanda ndi njanji.

Mkulu wa Masikauti: Pachidikha pomwe palibe phiri loti muyang'ane, chida chanu ndi kuwerenga mapazi. Yezani mamita 100 pabwalo la mpira, muyende mukuwerenga phazi lamanzere lokha likaponda. Ambiri amapeza pakati pa 60 ndi 70. Bwerezani mumchenga wa mumtsinje wouma, m'makande ong'ambika, mu udzu wautali, pokwera, ndiponso usiku, chifukwa paliponse nambala imakwera. Zilembeni kuseri kwa mapu. Mukakwanitsa mamita 100 sunthani kamwala kuchoka m'thumba lina kupita lina, chifukwa mutu wotopa umaiwala.

Ndipo musalunjike mbendera kuchokera kutali. Pezani chinthu chachikulu chosasokonekera chimene chili pafupi nayo, monga mlatho wa njanji, pokumana makwawa awiri kapena nsonga ya chitunda, mufike pamenepo mwachangu, kenako muyeze madigiri ndi mapazi pa mamita 200 kapena 300 otsalawo. Ngati mbendera ili pokumana mitsinje, musalozere pamphambano penipeni. Lozerani dala kumtunda kwake ndi madigiri 5 mpaka 10. Mukafika pamtsinjewo mukudziwa kale kuti mutembenukire kumunsi. Wolozera pakatikati akafika sadziwa ngati apite kumanja kapena kumanzere. Musananyamuke gwirizananinso chokubwezani: "tikafika pa msewu wa ngolo, ndiye kuti tapitirira."

Watsopano: Milambe ingathandize ngati chizindikiro? Imaonekera patali.

Mkulu wa Masikauti: Masana imathandiza kusunga mzere. Mwayeza madigiri, mwaona mlambe kapena mgwalangwa uli pamzere womwewo, pitani pamenepo, muyezenso. Koma musanene kuti "tili pa mlambe uja", chifukwa kuno milambe ndi yosawerengeka ndipo pa mapu palibe. Usiku mtumeni mnzanu atsogole mamita 30 mpaka 50 ndi tochi, inu muzimuwongolera ndi kampasi, aime, mumupeze, atsogolenso. Zimachedwetsa koma mzere suthawa.

Mayi wa ku Thabwa: Ine ndikufuna tikhazikike pa maola aja opangira pulani, chifukwa mapointi ambiri amapezeka kapena kutayika anthu asananyamuke. Tengani mapini, ulusi woikidwa zizindikiro pa masentimita 2 alionse, ndi zolembera zamitundu. Zungulizani mbendera za mapointi ambiri ndi mtundu umodzi kuti muone pomwe zaunjikana. Kenako werengani mtunda umene mungathe. Gulu latsopano liwerengere makilomita 3.5 pa ola masana ndi 2.5 usiku. Pa mpikisano wa maola 12 woyamba 6 koloko m'mawa, chotsanipo ola limodzi la kudya, kutunga madzi ndi kusamala mapazi, atsala 11, ndiye makilomita 38. Koma ulusi umayenda mowongoka, munthu sayenda mowongoka, choncho ulusi wanu ukhale wa makilomita 30 mpaka 32 basi. Uzungulizeni pa mapini amene mwabaya pa mbendera za pa mapu, muyese njira ziwiri kapena zitatu, muwerenge mapointi a iliyonse.

Pokwera phiri onjezani mphindi 10 pa mamita 100 alionse okwera. Kuchoka pansi pa Thabwa kukafika kumtunda kwa Blantyre ndi mamita pafupifupi 900, ndiye ola ndi theka lowonjezera pa nthawi ya mtunda wokha. Mbendera ya mapointi 90 pamwamba pa phiri ingakudyereni maola awiri, pomwe pansi zitatu za 40 mukanazitola mu ola limodzi. Gawani mapointi ndi nthawi, osati ndi makilomita.

Lembani pa mapu nthawi imene muyenera kufika pa mbendera iliyonse yachitatu. Chakumapeto kwa njira siyani mbendera zingapo zoti mungazidumphe mukachedwa, ndi njira yachidule yobwerera. Konzani zofika kutatsala mphindi 30. Kuchedwa mphindi 8 zokha ndi mapointi 80, mbendera yathunthu yomwe munaivutikira.

Wothamanga wa ku Bangula: Mayi, pa za phiri ndikusiyana nanu pang'ono. Kumtunda kumazizirirako ndipo kuli mithunzi. Ine ndingati gulu likwere cha m'ma 9 koloko, masana onse likhale m'mapiri, litsike dzuwa litapendeka. Mapointi pa ola angachepe, koma anthu afika madzulo ali ndi mphamvu.

Mayi wa ku Thabwa: Mfundo yanu ndi yoona pa mpikisano wa maola 24, achimwene, ndipo palinso chifukwa china. M'mapiri mapu amawerengeka bwino, koma usiku miyala yogumuka ndi maphompho zimavulaza. Ndiye phiri masana, chidikha ndi misewu usiku. Pa wa maola 6 kapena 8 sindingalole gulu latsopano kukwera, nthawi imathera m'njira. Mukumbukirenso chiperoni: mu Juni ndi Julayi nkhungu ikatsika m'mapiri a Thyolo kapena ku Chididi simuona chitunda chapatsidya, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta amazizidwa msanga. Kajekete kopepuka kosalowa madzi kasasiyidwe.

Aphunzitsi a Jogalafe: Za usiku: mu Juni dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, kutuluka cha m'ma 6, ndiye theka la mpikisano wa maola 24 ndi mdima. N'chifukwa chake okonza amasankha masiku a mwezi wathunthu, umene umatuluka dzuwa likamalowa. Aliyense akhale ndi tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, gulu likhalenso ndi tochi imodzi yowala kwambiri yofunira mbendera. Pokonzekera, yendani usiku kosachepera katatu, pamalo omwe munayendapo kale masana, kuti muone momwe mtunda umanamizira mumdima. Nthawi yovuta ndi 2 koloko mpaka 4 koloko m'bandakucha. Gulu latsopano libwerere pamalo oyambira, lidye chotentha, ligone maola awiri kapena atatu. Njira yanu ikhale ya zigawo ziwiri zodutsa pamenepo.

Wothamanga wa ku Bangula: Ofuna kupambana sagona, aphunzitsi.

Aphunzitsi a Jogalafe: Zoona, koma afunsa pano ndi oyamba kumene. Ola limodzi losochera chifukwa cha tulo, kuwonjezapo ola lobwerera, n'chimodzimodzi ndi tulo tomwe anakana.

Anyakwawa: Ana anga, zonse mwanenazi n'zabwino, koma malo mukuyendamowo ali ndi eni ake. Anthu achilendo oyenda usiku ndi matochi kuseri kwa makola a ng'ombe, kuno anthu amawayesa akuba. Mukumbukenso mphekesera za anamapopa za mu 2017, momwe anthu osalakwa anaphedwera m'maboma a kum'mwera kuno. Okonza ayambe kwa a T/A, atsike kwa magulupu ndi kwa ife anyakwawa, adziwitse apolisi ndi a chitetezo cha m'midzi, uthenga ulengezedwe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'sukulu kutatsala masabata awiri. Oyenda avale zowala zofanana, gulu lililonse likhale ndi kalata ya mfumu, ndipo likhale ndi mmodzi wolankhula Chisena kapena Chimang'anja. Mukakumana ndi munthu usiku, tsitsani tochi, mupereke moni ndinu oyamba. Kumanda, kudambwe ndi ku Khulubvi kwa Mbona sikolowa. Malo amenewa okonza awatchinge ndi mzere wofiira pa mapu. M'munda mwa mwini musadutse pakati, tsatani malire.

Asaveya: Takhuta, mfumu. Pa mzere wofiira womwewo muikenso Majete, Lengwe ndi Mwabvi, komwe kuli nyama zolusa ndipo kumafuna chilolezo, minda ya nzimbe ya ku Nchalo pokhapokha eni ake atavomera, ndi malire a Mozambique, amene kumadzulo kuno amadutsa m'tchire popanda mpanda.

Anamwino: Mapazi. Nsapato ikhale yoti mwayendera kale makilomita ambiri, yokulirapo pang'ono chifukwa phazi limatupa, yachidendene cholimba choti minga ya mthethe isaboole. Masokosi a thonje amasunga thukuta n'kuyambitsa matuza, pezani a nayiloni, munyamule mapeyala atatu. Dulani zikhadabo kutatsala masiku atatu. Pamene mumadziwa kuti pamatuluka thuza matanipo pulasitala musananyamuke. Mukamva pena pakutentha imani nthawi yomweyo, musadikire mbendera yotsatira. Mukadutsa mumchenga vulani mukutumule. M'mphechepeche ndi m'khwapa pakani vaselini. Valani thalauza lalitali lopepuka chifukwa cha udzu wobaya ndi chitedze, chimene chimakhwima nyengo yomweyi m'makwawa. Chikakugwerani musakande, chotsani ubweya wake ndi pulasitala, kenako mutsuke.

Watsopano: Chakudya tinyamule chiyani, amayi?

Anamwino: Chodya pang'onopang'ono mukuyenda, mphindi 30 mpaka 45 zilizonse, njala isanayambe. Mbatata yophika, chinangwa, nthochi, zitumbuwa, mtedza wokazinga wothira mchere, buledi wopaka chiponde, masau ouma. Madzi a malambe kapena a bwemba othira shuga amathandiza pakamwa pakakana zotsekemera zina. Nsima yambiri muidye usiku wa dzulo lake ndi pobwerera pamalo oyambira, osati masana padzuwa. Chilichonse muchiyese pa maulendo okonzekera. Bulufeni ndi dikilofenaki musamwe muli ndi ludzu, zimapweteka impso.

Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kukwiya popanda chifukwa dzuwa lili pamutu, mpikisano wathera pomwepo. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, muitane thandizo. Njoka ikaluma, makamaka mphiri imene imagona panjira osathawa, musateme, musayamwe, musamange chingwe. Vulani mphete ndi nsapato, mwendo usagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. Gulu lililonse likhale ndi wenzulo, bandeji, ndi foni yotsekeredwa m'envelopu yoti itsegulidwe pangozi pokha.

Mayi wa ku Thabwa: Kugawana ntchito m'gulu la anthu atatu: mmodzi mapu ndi kampasi, wachiwiri mapazi ndi wotchi, wachitatu kukumbutsa za kudya ndi kumwa. Koma mapu akhale ndi aliyense, chala chili pomwe mwafika, ndipo muzisinthana maola awiri alionse. Gulu limayenda pa liwiro la wofooka, ndiye wamphamvu amulandire katundu asanapemphe, ndipo wotopayo aziyenda pakati, osati kumbuyo. Mukafuna mbendera mphindi 15 osaipeza, lekani kuzungulira. Bwererani pa chizindikiro chomaliza chimene nonse mukuchivomereza, muyezenso. Ikakanikanso kachiwiri isiyeni.

Oyang'anira Gulu: Kwa amene akufuna kuyesa mwezi uno, ayambe ndi chiyani?

Mkulu wa Masikauti: Ayambe ndi wa maola 3 m'mawa, kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko, pa dera la makilomita 4 mbali zonse lozunguliridwa ndi misewu yodziwika, kuti wosochera akangoyenda molunjika atulukire pamsewu. Mbendera 12 mpaka 15 zikwana. Pa iliyonse mangiriranipo pepala loti gulu lilembe dzina lake, nthawi yofikira ndi mbendera imene likupita, kuti likachedwa ofunafuna adziwe koyambira. Mbendera zipachikidwe dzulo lake madzulo, ndipo munthu wina amene sanaziike azikazipeza ndi mapu okha mpikisano usanayambe. Ana a m'mudzimo auzidwe kuti n'za chiyani ndi tsiku limene zichotsedwe, apo ayi zipita kunyumba.

Wa ku Ngabu: Ndipo njinga yamoto imodzi yokhala ndi mafuta odzaza idikire pamalo oyambira mpaka gulu lomaliza litalowa.